Tidataya mphale n'kusunga gaga

Ana anga, mukadzakwera minibasi yochokera ku Lilongwe kupita ku Mponela ndi ku Madisi, kapena mukadzapatuka kulowera ku Ntchisi, musadzagone. Dzayang'aneni kunja. Mudzaona minda ya fodya ndi chimanga, zigafa, zitsa, ndi zitunda zoti mbee zopanda ndi pobisala kalulu pomwe. Kenaka mudzaona kankhalango kobiriwira kataima pakokha pakati pa minda, mitengo yake yakalekale, misuku, miwanga ndi mikuyu, yolukanalukana ndi zilambe. Mukapita patsogolo pang'ono, kena. Pamenepo ndi pamanda. Palibe waya, palibe chikwangwani, palibe mlonda wa boma wogonapo ndi mfuti. Komabe mnyamata yemwe uja amene amalowa usiku m'nkhalango ya boma ya Kongwe kukatentha makala, osaopa ndi ndende yomwe, akafika pamanda amatsitsa nkhwangwa paphewa n'kulambalala.

Chasunga mitengo imeneyo ndi zomwe zija mumazitcha zachikale. Kumanda salowako wamba mfumu isanalole. Nkhuni za kumanda saphikira nsima. Uko n'kogona makolo, ndiponso n'kumene kuli dambwe, choncho mwana aliyense wa ku Dowa amakula akudziwa kuti sikosewererako. Ena mwa inu mukamva zimenezi mumaseka, mumati tsabola wakale sawawa. Chabwino. Koma ndiuzeni lamulo limodzi lolembedwa ku likulu limene lasunga mitengo yochuluka kuposa ulemu umenewu.

Nkhalango ya paphiri la Ntchisi nayo ili ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1800, Angoni atafika ndi nkhondo, Achewa ankathawira m'menemo. Idawabisa, iwonso adailemekeza. Lero alendo ochokera kutali amabwera kudzaona mbalame ndi maluwa ake, n'kumagona m'nyumba ija idamangidwa mu 1914 kuti muzipumuliramo bwana DC wachitsamunda. Koma phindu lake lenileni ndi timitsinje toyambira m'menemo totsetserekera ku Nkhotakota. Agogo athu sadapite kusukulu ya zachilengedwe. Ankangoti pakasupe sadulapo mtengo, pali njoka yake, ndipo kasupeyo sankaphwa.

Ndikukayika ngati ambiri a inu mungathe kufotokoza nthano ya Kaphirintiwa kuyambira pachiyambi mpaka pothera. Akuluakulu ankati dziko lidali louma, lopanda chamoyo. Tsiku lina kudachita mitambo, mvula idagwa, ndipo Chauta adatsika pamodzi ndi mwamuna ndi mkazi oyamba ndi nyama zonse. Anthuwo adanyamula khasu, mtondo ndi lichero. Adatera pa Kaphirintiwa, ku mapiri a Dzalanyama, thanthwe likadali lofewa, mapazi awo n'kudindika pamenepo. Onse ankakhala pamodzi mwamtendere kufikira tsiku limene munthu adatenga timitengo tiwiri, kofewa ndi kolimba, n'kupeka moto. Tchire lidayaka. Nyama zidathawa zitakwiya, kupatula galu ndi mbuzi amene adathawira kwa munthu. Bilimankhwe adakwera mumtengo n'kuitana Chauta kuti amtsatire, koma Chauta adati wakalamba, sangathe kukwera. Kangaude ndiye adaluka ulusi wake n'kumkweza kumwamba. Kuchokera pamenepo Chauta adakhala kutali, ndipo adalamula kuti munthu azifa.

Imvani nthano imeneyi mwezi wa Seputembala, usiku, mapiri a Dowa ali psuu ndi moto umene ayatsa anyamata osaka mbewa. Mwana woti adaimva kwa agogo ake sasowa womuuza kuti moto wolusa umathamangitsa nyama, umathamangitsanso madalitso. Ine ndine wa mpingo, ndipo sindikunena kuti tibwerere kukamanga kachisi patsinde pa msolo, kukathira ufa ndi mowa wamasese m'timiphika, kuomba m'manja kupempha mvula, monga ankachitira makolo pomvera Makewana wa ku Msinja, mayi uja sankameta tsitsi kuopa kudula mvula. Ndikunena kuti anthu amenewo sadali zitsiru, ndipo zimene ankaphunzitsa ana awo pamoto madzulo, wina akati "Padangotero," ena n'kuvomera kuti "Tili tonse," zidali ndi ntchito yake.

Chimene chimandiwawa ndi ichi. Tikadakhala kuti zakale tidazitaya zonse, bwenzi ndikungoti madzi akatayika saoleka. Koma sitidataye zonse. Tidakonola chimanga, tidapeta, kenaka tidataya mphale n'kusunga gaga. Nthano tidaiwala, miyambi tidaiwala, ulemu wa pakasupe tidaiwala, koma mantha a ufiti tawagwiritsa ndi manja awiri, ndipo akula kuposa kale.

Mukuwadziwa amayi aja, mudzi uliwonse alipo. Amuna awo adatsogola kalekale. Maso awo ndi ofiira chifukwa cha utsi wa m'khitchini umene akhala akuupuma chiyambire utsikana. Masiku ano amayankhula okha, nthawi zina amaiwala njira ya kwawo n'kupezeka ali kuseri kwa nyumba ya eni m'bandakucha, pakuti ukalamba umadwalitsanso mutu. Mwana wa pakhomo loyandikana akatentha thupi masiku atatu osapita naye kuchipatala n'kumwalira, manong'onong'o amayambira pasiwa pomwepo. Wina akuti adawalota. Wina akuti adamva mwana akuwatchula. Pofika madzulo a tsiku loika maliro, kanyumba kawo kali phulusa, ndipo amene wanyamula mwala woyamba ndi mdzukulu amene adamlera pamsana. Mu Januwale 2016 ku Neno okalamba anayi adaphedwa ndi anthu akwawo mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa idaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo. Kuyambira 2014 abale athu achialubino akhala akusakidwa ngati nyama chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo ndi chizimba cha chuma. Amene akuchita zimenezi si nkhalamba za mikanda m'khosi. Ndi anyamata a nsapato zokongola, ena mwa iwo a satifiketi ya Fomu 4, amene sangathe kunena mwambi ngakhale umodzi.

Musandimve molakwa, kale sikudali koyera. Mwavi udapha anthu ambiri osalakwa, n'chifukwa chake lamulo la mu 1911 lidauletsa, n'kuletsanso kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, ndipo lamulolo likadalipo. Koma onani chimene tikuchita: munthu yekhayo wotsala m'mudzi wodziwa nthano, mayina akale a mapiri, nyimbo za pamtondo ndi mzere wa mbumba yathu, ndi yemweyo tikumuthamangitsa ndi miyala.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndikufuna ndikutengereni kutali, ku dziko lina la ku Ulaya lotchedwa Albania, kumpoto kwa Greece, moyang'anana ndi Italy kutsidya kwa nyanja. Ndi dziko lamapiri, laling'ono kuposa chigawo chathu chapakati, anthu ake sakwana 3 miliyoni. Amayi Teresa aja a ku Calcutta adali a mtundu umenewu. Mu Novembala 2005, pamene bungwe la UNESCO lidalengeza kuti Gule Wamkulu ndi Vimbuza ndi chuma cha dziko lonse lapansi, pamndandanda womwewo padalinso kaimbidwe ka makolo a ku Albania, koimba mopolokezana mawu angapo nthawi imodzi. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, choncho tiyeni tione za m'dziwe lawo.

Nthano zawo mukazimva mudzadabwa kufanana kwake ndi zathu. Ife tili ndi Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene akuti chikamasamuka chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi, monga zidachitikira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Iwo ali ndi kulshedra, chinjoka cha mitu yambiri chimene chimatseka akasupe, kubweretsa chilala kapena chigumula. Koma iwo adachipezera mdani. Amati pali ana ena obadwa atakutidwa ndi kachikopa kopyapyala, otchedwa drangue, amene mphamvu zawo amazidziwa ndi mayi wawo yekha ndi Mulungu. Kukachita mkuntho, amenewa amanyamuka kukamenyana ndi chinjokacho pogwiritsa ntchito mphenzi, miyala, mitengo yozula ndi mapulawo, ndipo mabingu amene anthu amamva ndi phokoso la nkhondoyo. M'mapiri mwawo akuti mumakhala zana ndi ora, mizimu yachikazi yolondera akasupe, nkhalango ndi moyo wa munthu. Ali nayonso mfiti yawo, shtriga, imene amati imayamwa magazi a makanda usiku. Mpaka lero panyumba zambiri zomangidwa kumene amapachikapo chidole kuti diso la wanjiru ligwere pamenepo. Azungu amenewo, ana anga. Nawonso amatsirika nyumba.

Chimene amanyadira koposa ndi besa, lonjezo limene munthu sangaliphwanye ngakhale zitavuta maka. Ali ndi nthano ya mnyamata Konstandin amene adalonjeza mayi ake kuti mlongo wake Doruntina akakwatiwa kutali, iye azikamtenga nthawi iliyonse imene mayiwo amufuna. Nkhondo ndi mliri zidapha ana aamuna onse a m'nyumbamo, ndi Konstandin yemwe. Mayi adapita pamanda ake n'kumudzudzula chifukwa cha lonjezo lija. Usiku womwewo iye adadzuka m'manda, adakwera kavalo, adakamtenga mlongo wake n'kumtula pakhomo pa mayi, kenaka adabwerera kukagona. Ana a ku Albania akhala akukula ndi nthano imeneyi mibadwomibadwo, ndipo idabala zipatso zooneka. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene Ayuda ankasakidwa ku Ulaya konse, mabanja a ku Albania, Asilamu ndi Akhristu omwe, adawabisa m'nyumba zawo chifukwa mlendo wolowa pakhomo ali m'manja mwa mwini nyumba. Nkhondo pomatha, m'dzikomo mudali Ayuda ambiri kuposa pamene inkayamba. Ife a ku Dowa, amene kuyambira 1994 takhala tikusunga alendo othawa nkhondo ku Dzaleka, nkhani imeneyi isatipite pambali.

Ali nayonso nthano ina yowawa. Mumzinda wa Shkodër muli linga lakale lamiyala lotchedwa Rozafa. Akuti abale atatu ankamanga masana, usiku khoma n'kugwa. Nkhalamba ina idawauza kuti khoma lidzaima pokhapokha atamangirira m'kati mwake mkazi amene adzabweretse chakudya mawa lake, ndipo adalumbira kuti asakauze akazi awo. Akulu awiri adaulula kunyumba, wamng'ono yekha ndiye adasunga pakamwa. Mkazi wake atafika ndi chakudya adavomera, koma adapempha kuti amusiyire kunja diso lakumanja loonera khanda lake, bere loyamwitsira, dzanja lomusisitira ndi phazi logwedezera kabedi kake. Nthano imeneyi amainena kuti womva alire naye mayiyo, ndi kuti adziwe kuti chomangidwa pa magazi a wosalakwa chimakhala ndi misozi mpaka kale. Sadainene kuti wina akaichite. Ife kuno tikamva kuti chigayo kapena golosale siziyenda popanda chizimba cha munthu, ena amanoladi mpeni.

Tsono mverani chimene chidawachitikira. Mtsogoleri wawo Enver Hoxha, amene adalamula kuyambira 1944 mpaka imfa yake mu 1985, adaganiza zozula zikhulupiriro zonse. Mu 1967 adatseka matchalitchi ndi mizikiti yoposa 2,000 n'kulengeza kuti dzikolo lilibe Mulungu. Malamulo a makolo a kumapiri, otchedwa Kanun, adaletsedwa, ndipo akuluakulu oweruza milandu ya m'midzi adatsekedwa pakamwa. Magule ndi nyimbo zokha ndiye adazisiya, koma adazikweza pansanja ya chikondwerero cha ku Gjirokastër, chimene chidayamba mu 1968, kuti zizitamanda chipani. Apa ife achikulire tisaseke, anyani sasekana zikundu. Tikukumbuka zilombo zikutsika m'malole kukavina pamisonkhano ya Ngwazi.

Ulamuliro umenewo utagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, chimene chidaphuka msanga kumapiri a kumpoto ndi mwambo wolipsira magazi: mukapha wathu, ifenso tipha wanu. Kanun yakale idali nawo mwambowu, inde, koma idaumanga ndi zingwe zambiri. Mkazi, mwana ndi wansembe sankakhudzidwa. Banja lolakwa linkatha kupempha masiku a mtendere, ndipo akuluakulu ankayenda pakati kufikira mabanja atayanjana. Patatha zaka makumi anayi ndi mphambu, odziwa zingwezo adali atatha, chotsala chidali mkwiyo wokha ndi mfuti. Ana aamuna ambiri adakulira m'nyumba motsekeredwa, osaponda kusukulu, kuopa kuomberedwa chifukwa cha mlandu wa achibale a bambo awo. Ndipo tamverani amene adathandiza kuzimitsa moto wotere pakati pa anthu a mtundu womwewu ku Kosovo mu 1990: mphunzitsi wokalamba dzina lake Anton Çetta, amene moyo wake wonse adautha akuyenda m'midzi kulemba nthano za anthu. Adayenda khomo ndi khomo pamodzi ndi ophunzira achinyamata, akuyankhula ndi mabanja m'chinenero cha miyambo yawo yomwe, ndipo mabanja mazanamazana adakhululukirana magazi pamaso pa anthu. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo liyenera kukhala ndi madzi. Iye madzi ake adali nthano zija.

Kwathu kuno nkhondo yolimbana ndi zamakolo sidafike pamenepo, koma idalipo. Amishoni a Dutch Reformed, Andrew Charles Murray ndi Theunis Vlok, adafika ku Mvera m'dziko la Inkosi Chiwere mu 1889, ndipo mu 1894 Robert Blake adatsegula Kongwe. Adatibweretsera sukulu, chipatala ndi Buku Lopatulika, ndipo wonyoza zimenezi ndi wosayamika. Koma kwa zaka zambiri mudzi unkagawika pakati, ana a sukulu uku, a kudambwe uko, wina kutcha mnzake wakunja, winayo kubwezera potentha sukulu. Mwayi wathu ndi wakuti mumpingo momwemo mudatuluka anthu oona patali. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni yomweyo, adakhala pansi ndi nkhalamba n'kulemba Mbiri ya Achewa, adalembanso Nthondo, buku limene lidapambana mpikisano mu 1933, ndi mbiri ya Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi konkuno ku Dowa. John Gwengwe adatisiyira Kukula ndi Mwambo. Ku Mua, Bambo Claude Boucher adayamba Kungoni mu 1976 n'kusonkhanitsa zigoba za gule mazanamazana pamodzi ndi matanthauzo ake. Ku Albania nakonso amene adalemba Kanun kuchokera pakamwa pa nkhalamba adali wansembe, Shtjefën Gjeçovi, ndipo buku lake lidatuluka mu 1933, iye ataphedwa kale. Palibe mmodzi wa anthu amenewa amene adataya chikhulupiriro chake chifukwa chomvetsera agogo.

Kupeta kumafuna maso, pakuti zina mphale ndi gaga zidamatirirana. Tengani mdulo. Makolo ankati mwana akabadwa, bambo ndi mayi adikire kufikira mwambo wotenga mwana utachitika, apo ayi mwana adulika. Ankatinso munthu wotentha asathire mchere m'ndiwo. Mwambo umenewu unkapatsa mayi mpata wochira, unkamanganso bambo kuti asayendeyende. Pamenepo ndiuyamikira. Koma mwana akatupa masaya ndi mapazi, tsitsi n'kufiira, ife n'kumati ndi tsempho, kumazenga mayi ake mlandu sabata yathunthu m'malo mothamangira naye kuchipatala kumene akadaona kuti ndi kunyentchera, pamenepo mwambo wasanduka mpeni. Mlandu mudzazenge pambuyo, mwana ali pabedi akulandira chiponde.

Inu atsabwalo ndi akuluakulu a kudambwe, ndikupemphani ndi ulemu wonse. Gule ndi wa maliro, wa chinamwali, wa kulonga ufumu, ndipo chilombo chilichonse chili ndi chimene chimaphunzitsa. Zija zoti zilombo zizitchinga msewu kulanda ndalama kwa apanjinga, kuthamangitsa ana a sukulu, kapena kugwira munthu n'kukamulowetsa mokakamiza, si za makolo. Amene akuchita zimenezo akupereka ndodo kwa onyoza gule. Chaka ndi chaka mumapita ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo kumeneko mumamva okha mawu oti ana apite kusukulu. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Inu abusa ndi akulu a mpingo, ulaliki woti agogo aliyense wosapemphera ngati inu ali ndi ziwanda ukuthira palafini pamoto. Mwana akabwera kudzanena kuti agogo ake amamutenga usiku pa lichero, musamuimike kutsogolo kwa mpingo kuti achitire umboni. Khalani naye pansi, mufunse chimene chikumuopsa, muitane makolo ake.

Inu mafumu athu, eni nthaka, kuyambira kwa Msakambewa, Dzoole ndi Kayembe mpaka kwa Nthondo, Kasakula ndi Kalumo, pamodzi ndi magulupu ndi nyakwawa zanu: manong'onong'o a pasiwa mumawamva msanga kuposa wapolisi aliyense. Musadikire kuti utsi uoneke. Mukamva dzina la nkhalamba layamba kutchulidwa, itengeni ikagone kwanu usiku womwewo, tumizani mthenga kupolisi, ndipo itanani mlangizi wa zaumoyo adzafotokozere anthu chimene chapha mwanayo. Sing'anga wobwera kudzaloza anthu chala asapatsidwe bwalo m'mudzi mwanu. Mphamvu imene mumaletsa nayo nkhwangwa kumanda ndi yokwanira kuletsa mwala.

Tsono inu ana anga. Safunsa adadya phula. Muli ndi mafoni ojambula mawu, chinthu chimene Ntara akadachilirira. Pitani kwa agogo anu Loweruka likubwerali, musadikire tchuthi cha Khirisimasi, pakuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Afunseni za Kalulu ndi Fisi, za Bilimankhwe ndi Buluzi amene adatumidwa ndi uthenga wa moyo ndi imfa, za kumene mbumba yanu idachokera, za phiri limene adabisalako makolo nthawi ya nkhondo, za mitengo imene sankadula ndi chifukwa chake. Za kudambwe ndi za kutsimba musazikakamize, ndipo akakuuzani kuti ichi sichojambula, zimitsani foniyo. Musawadule pakamwa akamabwereza zomwe anena kale, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukajambula, lembani dzina lawo, mfunda wawo, mudzi ndi tsiku, kenaka tumizani kwa abale anu a ku Lilongwe ndi a ku Johannesburg kuti zisakhale m'foni imodzi yoti ikhoza kugwera m'chitsime. Ndipo popita musapite chimanjamanja. Nyamulani kasopo, kamchere ndi paketi ya shuga, mukafika muyambe mwawatungira madzi ndi kuwawazira nkhuni.